A Gelevazio ndi Madontho a Pansi pa Mango

Sabata yatha tinamanga chiliza cha amalume anga, a Gelevazio Mwale, patatha chaka chiwaikire m'manda. Simenti, mchenga ndi njerwa ndinazituta pa galimoto yawo yomwe ija. Pokwera kamtunda ka kumanda inatsokomola, anthu amene anakhala pamwamba pa njerwa n'kuseka, amvekere mwini wake akutilonjera. Ine sindinaseke, ndinatchera khutu ku injini. Ndikudziwa kuti akanakhala moyo akanatitsitsa tonse pomwepo, akatekisiti omwe, n'kutsekula boneti, chiliza n'kudikira.

Pa maliro awo chaka chatha, oyankhula onse anati anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana ndi mnzake. Ine ndinangoweramitsa mutu. Maliro amanamitsa ngakhale anthu abwino. Amalume anali munthu wamakani, wouma mutu ngati chitsa cha muwanga, wosachedwa kukalipa, ndipo ndinawakonda ali choncho. Ndikulemba izi kuti asasanduke munthu wina amene sitinakhale naye.

Anali wamfupi, wa manja aakulu osagwirizana ndi msinkhu, ndi zikhadabo zakuda zimene sopo anazilephera kalekale. Ngakhale Lamulungu, m'thumba la jekete munkakhala kasipanala. Anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Kachebere, kukonza mathirakitala, ndipo anakwatira m'mudzi wina wa ku Kapondo kumene anakhala mkamwini mpaka imvi. Akazi awo, aNankhoma, sankalola kuti aiwale zimenezo. Mkangano ukafika pothina ankangowakumbutsa kuti dothi limene apondapo ndi la amayi awo. Amalume ankayankha kuti dothilo alisunge, iwo akungobwereka pamene paima matayala anayi.

Matayala anayiwo anali a pikapu yakale imene anagula esiteti ija ikugulitsa katundu wake, zaka zoyambirira za matipate. Penti wake anali woyera pa nthawi ina, atero amene anaiona ili yatsopano. Kawotchi kowerenga mtunda kanazungulira mpaka kubwerera poyambira, kanayambanso, kenaka kanatopa n'kuima. Ankaiimika pansi pa mtengo wa mango kumbali kwa bwalo, ndipo aNankhoma ankaitchula kuti mkazi mnzanga. Ine, mwana wa mlongo wawo wa m'mudzi wa kutsidya kwa dambo, ndinakhala dalaivala wake maso awo atayamba kuchita nkhungu. Msewu sankauonanso bwino, koma dontho la oyilo ankaliona ali chiimire.

Tsiku lawo linkayamba ndi mawondo. Dzuwa likangotuluka, asanasukusule n'komwe, ankagwada pambali pa galimoto n'kusuzumira pansi, kuwerenga dothi monga mlenje awerengera mapazi a nyama. Kenaka ankasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kukapukuta, n'kukabwezera, n'kukasololanso. Oyiloyo ankamutikita pakati pa zala n'kumununkhiza. Akagwedeza mutu, tinyamuka. Akangokhala chete, ndinkadziwa kuti anthu a matola amene akudikira kumsewu ndi matumba awo a mtedza ayambe afunafuna pamthunzi.

Ankakonda kunena kuti oyilo ali ndi makomo awiri okha othawira, lina la kumwamba, lina la pansi. Akapsera m'kati mwa injini amatuluka ngati utsi, akadontha amasiya chizindikiro pa dothi, ndipo palibe oyilo amene amangosowa ngati wamutenga ndi mfiti. Ankatinso galimoto sinama, wonama ndi dalaivala, ndipo ponena zimenezi ankayang'ana ine. Utsi wakuda ankati ndi petulo wochuluka, woyera wosatha ndi madzi olowa kosayenera, wabuluu ndiye oyilo akupsa. Makaniko wothamangira kuphwasula injini ankamuyerekeza ndi sing'anga wotema mphini asanafunse pamene pakupweteka. Kuyamikira munthu ndiye sankadziwa. Pa zaka zonse zimene ndinawayendetsera galimoto, mawu okoma kwambiri amene ndinalandira anali akuti lero sindinaiphe.

Anakangana ndi aliyense amene anali ndi pakamwa. Anakangana ndi amalonda ofuna kusanja matumba kupitirira mzere umene iwo anakanda ndi msomali pa bodi ya galimoto. Anakangana ndi akatekisiti pa nkhani yokwawa pansi pa galimoto tsiku la Mulungu, n'kuwafunsa ngati mimba zimadziwa Lamulungu. Nthawi ya kampeni anthu a chipani china anabwera ndi nsalu zawo kuti galimoto itute anthu kupita kumsonkhano, anawabweza. Mawa lake anabwera a chipani chinacho, akuyesa mdala ndi wawo. Anawabwezanso ndi mawu omwewo, akuti galimoto ikakhala kumsonkhano, mayi woyembekezera akadwala kuno anyamulidwa ndi nsalu? Mbali zonse ziwiri zinawada mofanana, ndipo zimenezo zinkawasangalatsa.

Mawu amenewo anali ndi pochokera. Galimoto isanabwere, mwana wawo wamkazi, Sisiliya, anadwala matenda a uchembere, mimba yoyamba. Azamba anayesa, zinakanika, n'kunena kuti athamangire naye ku chipatala cha ku boma. Inali nthawi ya dzinja. Anamugoneka pa ngolo, ng'ombe zikuterereka m'matope, amalume akukankha kumbuyo ndi phewa. Sisiliya anathera panjira, mwana ali m'mimba. Amalume sankanena za tsiku limenelo, ndipo pamaso pawo palibe ankalitchula. Koma atagula pikapu ija anauza midzi yonse yozungulira kuti mayi woyembekezera akadwala, abale ake adzagogode nthawi iliyonse, asadzafunse za mtengo. Matola a mtedza, fodya ndi mbatata ndiwo ankagula petulo, koma ntchito yeniyeni ya galimotoyo inali imeneyo. N'chifukwa chake sinkagona kutali, sinkagona yopanda mafuta, ndipo sinkaloledwa kugona yodwala.

Ena a m'mudzi anadandaulapo atamva kuti tanyamula mkazi wa tenanti wa pa esiteti, munthu wochokera kum'mwera, wopanda mbale kuno. Ankati petulo akuthera alendo. Amalume anawauza kuti iwonso ndi mlendo m'mudzimo, afunse aNankhoma ngati akukayika, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Matenda amene anawatenga anali a m'chifuwa. Anawonda mpaka ovolosi inakhala ngati yobwereka. Pa ulendo womaliza wa ku chipatala anakhala kutsogolo pambali panga, mutu atautsamiritsa pa chitseko, maso otseka. Ndinkayesa akugona. Titadutsa mlatho anayankhula osatsekula maso.

"Lamba wa fani wakhwepa. Ukandisiya ukamange."

Ndinakamanga. Iwo sanabwererenso ndi mapazi awo. Koma imfa yawo si imene ndikufuna kukamba. Ndikufuna kukamba za chaka chimene galimoto inayamba kutha oyilo.

Chinali chilimwe, chaka cha njala chija chitangopita, misewu ili fumbi lokhalokha. Oyilo anayamba kutsika pa kachitsulo ulendo uliwonse. Tikapita ku boma n'kubwera, m'mawa mwake tithire. Tinayamba kuyenda ndi chigubu kuseri kwa mpando. Amalume ankagwada monga mwa nthawi zonse, ndipo dothi la pansi pa galimoto linali loyera, losalala, lopanda ngakhale dontho. Malinga ndi chiphunzitso chawo chomwe, khomo la pansi likakhala lotseka ndiye kuti oyilo akuthawira kumwamba. Komanso m'mawa poliza injini kautsi kabuluu kankatulukadi pang'ono. Amakaniko a ku boma amene tinawaonetsa ananena chimodzimodzi: maringi atha, injini ikumwa oyilo, ikufunika kuphwasula yonse, ndipo zitsulo za galimoto yakale choncho kuzipeza n'kwa mwayi. Sindikuwanena amakanikowo. Nanenso ndinkaganiza choncho, ndipo amalume omwe anayamba kuganiza choncho. Wina anatilangiza kuti tizithira oyilo wokhuthala kwambiri kuti azitha pang'onopang'ono. Amalume anati kumeneko n'kuphimba chilonda ndi chitenje.

Mwana wawo wamwamuna, Fabiyano, amene ankachita geni ya kaunjika ku boda, anabwera tsiku lina ndi munthu wa ku Chipata wogula magalimoto akale n'kumawaphwasula kuti azigulitsa zitsulo. Munthuyo anazungulira pikapu akumenya matayala ndi nsapato.

"Mudala, iyi motoka yasila," anatero m'kayankhulidwe ka kwawo, kutanthauza kuti galimoto yatha. "Nizagula chabe chifukwa cha maspeya. Giyabokosi na difu vikali bwino."

Amalume anamuyang'ana monga mmene ungayang'anire munthu amene wayamba kugawa nthiti ng'ombe ikadali kudya msipu. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe Fabiyano, wandibweretsera wosenda nyama pakhomo?"

"Ababa, tamverani, ine sindikulimbana nanu," anatero Fabiyano. "Tsiku lina oyilo adzatha muli pakati pa dambo, injini idzagwira, kumbuyo kuli mayi wa eni ake akubuula. Anthu anasiya kusamala ngolo zawo chifukwa akudalira inu. Bola adziwiretu kuti galimoto kulibe, kusiyana n'kuti idzawathere panjira. Kodi mukufuna tidzaonenso za achemwali anga?"

ANankhoma, amene ankapeta mtedza pakhonde, anaika lichero pansi n'kulowa m'nyumba. Ndinkayembekeza kuti amalume alusa. M'malo mwake anakhala pa bampala n'kuyang'ana manja awo nthawi yaitali. Mwanayo ananena zoona, ndipo iwo anadziwa.

"Wanena bwino," anatero pomaliza. "Ikakhala kuti ikumwadi oyilo, ndiipereka ndekha, makiyi ndi jeke yemwe. Galimoto yonamiza amayi ndi yoipa kuposa ngolo. Koma sindinaone ndi maso anga pamene oyiloyo akupsera. Mnzakoyu abwerenso tsiku la msika likudzali. Akadzapeza sindinapeze kanthu, adzaikoke."

Ine mtima unandiwawa, ndipo ndinachita mantha. Mayi a kunyumba kwanga nawonso anali oyembekezera, mwezi uli pafupi, ndipo m'midzi yathu sanali okha.

Matola tinayamba taimika. Amalume anayambiranso ngati munthu amene galimotoyo sanaionepo. Anamasula mapulagi onse n'kuwandandalika pa thumba. Anali ouma, ofiirira, opanda oyilo. Anapisa chala mu ekizozi, chinatuluka ndi mwaye wouma, wosamata. Anatsekula rediyeta kuti aone ngati oyilo wasakanikirana ndi madzi, madzi anali bwinobwino, ndipo kuseri kwa chotsekera oyilo kunalibe zoyera zonga chambiko zija. Kenaka anandiuza kuti nditsike nayo mtunda wautali ili m'giya, ndikafika m'munsi ndiponde moto mwadzidzidzi, pakuti injini yomwa oyilo imalavula utsi pamenepo. Iwo anakwera kumbuyo m'bodi, atagwira zitsulo, khosi atalitulutsa kunja, maso pa ekizozi, fumbi likuwakwirira. Munthu wa zaka zawo! Tinabwereza mpaka anthu a m'mbali mwa msewu anayamba kufunsana ngati mdala wayamba misala. Utsi wabuluu sunaoneke. Kautsi ka m'mawa kaja anati ndi chifuwa cha ukalamba chabe, chonga chawo chomwe, sikangamalize oyilo wochuluka chotero.

Anakwawiranso pansi. Koma pansi pa galimoto yoyenda zaka zambiri m'misewu yathu pamakhala matope akuda a oyilo wakale ndi fumbi, okhuthala ngati chala. Paliponse n'pakuda, paliponse n'ponona, sungasiyanitse chilonda chatsopano ndi chipsera. Ndiye zinawazunguza mutu. Kumwamba kukana, pansi kukana, oyilo akuthabe. Chakudya ankangochitolatola. Kuyankhula anasiya, kukalipa komwe anasiya, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri. Ndinawauza kuti mwina tingovomereza. Anandiyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ngati ndatopa ndikalime.

Msika uli mawa lake, cha kum'mawa ndithu dzuwa litakwera, anakakhala pamthunzi wa nkhokwe atatsamira umodzi mwa miyendo yake. Ine ndinali kutsuka m'manja chapafupi. Ndinawaona akuyang'ana pansi, kenaka akutapa dothi la patsinde pa mwendo wa nkhokwewo. Linali lakuda. Analitikita pakati pa zala n'kulinunkhiza. Anakwawira ku mwendo wina, ndi winanso. Miyendo yonse ya nkhokwe inali itaunjikiridwa dothi lomwelo, ya khola la nkhunda yomwe.

"ANankhoma! Tabwerani kuno. Dothi ili mwalitenga kuti?"

ANankhoma anatuluka akupukuta manja pa chitenje, osafulumira.

"Pansi pa mkazi mnzangayo. Nanga n'kulitenga kuti?"

"Liti?"

"M'mawa uliwonse. Ndikamasesa ndimapeza pali chigamba chakuda. Ndipale ndi khasu, ndithire mchenga, ndisese. Mukufuna alendo azidzapeza bwalo langa lili ngati garaja ya ku boma? Ndipo chiswe chinasiya nkhokwe yanga chiyambire zimenezi, simunaone?"

Kwathu mkazi amasesa bwalo mbandakucha. Dzuwa kumupeza asanasese ndi manyazi, anzake amakamunena pa mjigo. Amalume ankagwada dzuwa litatuluka. Miyezi yonseyo ankawerenga dothi limene khasu ndi tsache zinali zitadutsapo kale.

"Mayi inu!" anatero amalume. "Ine kuwonda, kumwa fumbi m'bodi ngati thumba la mtedza, mwana wanga kundibweretsera wogula zitsulo, inu muli phee? Bwanji osanena?"

"Munandifunsa? Mwafunsa mapulagi, mwafunsa utsi, mwafunsa amakaniko a ku boma. Ine mumati za galimoto si za akazi. Safunsa anadya phula, bambo a Fabiyano."

Ndinathawira kuseri kwa khola kukasekera kumeneko. Nditabwerera ndinapeza amalume akuseka nawonso, atakhala pansi pa dothi, misozi ikutsika m'masaya. Sindinawafunse ngati inali ya kuseka kokha.

Koma kudziwa kuti oyilo akudontha si kupeza podonthera. Tinatenthetsa madzi m'ndowa, n'kutsuka injini yonse ndi palafini ndi sopo, pamwamba ndi pansi, kupala matope aja ndi supuni yakale mpaka chinaoneka chitsulo chimene sichinaone dzuwa chichokere ku esiteti. Itauma, anaitanitsa phulusa la kukhitchini ndi sefa ya ufa. Pamenepo mkangano unabukanso chifukwa sefayo inali yatsopano, koma anaitenga. Anasefera phulusa pa injini, lina kuwaza ndi dzanja m'mbali ndi pansi, yonse n'kuchita mbuu ngati munthu wochokera kuchigayo. Ndinaliza injini. Poyamba panalibe kanthu. Anati ndiponde moto ndisasiye, injini itenthe monga imatenthera panjira. Iwo anagona chagada, theka la thupi pansi pa galimoto, ine ndikungoona nsapato.

"Zimitsa! Tsika udzaone."

Pa phulusapo panali kanjira kakuda, kowonda ngati ulusi, kochokera pa kasiwichi kamene kamayatsa getsi lofiira la oyilo, kobisika kuseri kwa fyuluta. Kanali katang'aluka. Injini ikazizira kankakhala chete. Ikatentha n'kumathamanga, oyilo ankatulukira pamenepo, mphepo n'kumuululutsira kumbuyo, fumbi n'kumumwa. Wambiri ankatayikira m'msewu. Wotsalira m'ngodya za zitsulo ndi amene ankadontha galimoto itaima, aNankhoma n'kumutengera ku nkhokwe. Kanthu kosaposa chala chachikulu kanatsala pang'ono kuphetsa galimoto yonse.

Tinaiyendetsa mpaka kumsewu waukulu n'kubwerera, n'kuiimika pamalo pake. Pamenepo amalume anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anavula chipewa pamaso pa akazi awo n'kupempha, osati kulamula, kuti mawa asasese pansi pa mango mpaka Fabiyano ndi mlendo wake atafika. ANankhoma anati anthu awaseka. Amalume anati awaseke tsiku limodzi lokha, iwo asekedwa kale sabata yonse.

M'mawa mwake Fabiyano anafika ndi munthu wa ku Chipata uja, atatenga ndi tcheni chokokera. Amalume anawagwaditsa onse awiri n'kuwaonetsa chigamba chakuda pa mchenga, kenaka kanjira ka pa phulusa, kenaka anamasula pulagi n'kuiika m'manja mwa mwana wawo. Fabiyano anagwada nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.

"Ababa, mundikhululukire pa mawu aja," anatero atadzuka.

"Mawu ako aja usawabweze, anali oona. Tsiku limene idzayambe kumwadi oyilo udzawanenenso."

Mlendo uja anaseka n'kuwomba m'manja. "Mudala, ndimwe ovuta imwe!" Kenaka anati kasiwichi koteroko ali nako pa mulu wa zitsulo zake. Anabwera kudzagula galimoto, anabwerera ndi tcheni chake atalonjeza kasiwichi, ndipo anakatumizadi ndi Fabiyano.

Mwezi womwewo galimotoyo inatengera mayi a kunyumba kwanga ku chipatala. Mwana anakhala mopingasa, anachita kumutulutsa ndi opaleshoni. Pa ngolo sakanafika. Lero ndi mtsikana wamakani amene akuvutitsa aphunzitsi, ndipo m'midzi ya kuno muli ana ena ambiri a nkhani yofanana.

Kuyambira pamenepo pakhomo paja panakhazikika lamulo. ANankhoma ankasesa bwalo lonse mbandakucha monga kale, koma pansi pa mango ankasiya. Dzuwa likatuluka amalume agwade, awerenge, adzuke akusasa mawondo, n'kuitana kuti, "Sesani, aNankhoma." Iwo abwere ndi tsache akung'ung'udza kuti akalamba akulamulidwa ndi chitsulo. Galimoto inadonthanso kangapo zaka zimenezo, apa gasiketi, apo labala, koma palibe dontho limene linafikanso ku nkhokwe asanalione. Zinali choncho mpaka m'mawa wa ulendo womaliza uja, pamene tinachita kuwanyamula kuchokera pa mphasa kuwalowetsa m'galimoto. Tsiku limenelo sanagwade.

Tinawaika kwathu, kwa amayi awo, monga mwa mwambo. Galimoto anasiyira ine, Fabiyano atavomera, pamodzi ndi lamulo lake lija, ndipo chichokere tsiku limenelo imagona kwathu kutsidya kwa dambo. Masiku ano kuli mafoni, anthu sachitanso kugogoda, amangoimba. Ndimagwada m'mawa uliwonse, mawondo akudandaula, ndipo tsiku limene ndidzaone utsi wabuluu weniweni ndidzauza midzi yonse ndekha. Tsikulo lisanafike, mayi aliyense wa kuno sakwera ngolo ine ndili moyo.

Za chiliza zitatha, anthu atabalalika, ndinatenga aNankhoma kukawasiya kwawo. Anakhala pa mpando umene ankakhala amuna awo, ndipo tinauyamba ulendo.

"Inu, mumayesa sindinkamva zimene munkakangana chaka chija?" anatero mwadzidzidzi. "Ndinkadziwa kuti akufuna madontho aja. Ndinkadziwa bwino."

Ndinachepetsa liwiro.

"Galimoto iyi inabwera mochedwa kwa mwana wanga. M'mawa uliwonse ndikaiona ndinkaona ngolo ija. Amalume anu ankaikonza kuti asaiwale. Ine ndinkafuna ichoke, mwina mtima ukanapuma."

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji dothilo sankalitaya m'chimbudzi, kumene palibe akanaliona.

"Ndinayesa tsiku lina. Ndili pakhomo pa chimbudzi ndinakumbuka akazi anu ndi mimba yawo, manja anakana. Ndiye ndinati ndiliike poti akakhala ndi maso aliona, akapanda kuliona ndi za Mulungu." Kenaka anaseka pang'ono. "Komanso chiswe chinalipodi."

Titafika sindinaimike pansi pa mango, mtima unakana. Ndinaisiya kumsewu n'kuwaperekeza wapansi. Bwalo la aNankhoma n'losesedwa monga kale, mizere ya tsache ikuoneka kuyambira pakhonde mpaka ku nkhokwe ndi ku khola la nkhunda. Koma ikafika pa mango mizereyo imakhota n'kuzungulira, kusiya malo aatali ngati galimoto. Masamba a chaka chathunthu aunjikana pamenepo, ndi mango ouma amene palibe anatola. Kaudzu kamera m'mbali, kupatula pakati pamene oyilo anapha dothi. Njerwa ziwiri zimene amalume ankatsekera matayala zikadali pomwepo, ndi tayala lakale limene ankakhalira posamba m'manja. Nkhuku zafukula maenje awo osambiramo fumbi, palibe wozithamangitsa.

Zinandimvetsa chisoni kuona pamalo pa munthu waukhondo wa zitsulo pali chotero. Ndinatola tsache limene linatsamira khoma, ndinati ndiwathandize.

"Siyani," anatero aNankhoma ali pakhomo. "Sanandiuze kuti ndisese."